Anzathu a ku koleji tisamangokumana pamaliro

Ife tinachoka ku Chanco, ku Zomba, zaka zoposa 25 zapitazo, ndipo kwa nthawi yaitali tinkangoonana pamaliro. Gulu la pa WhatsApp linathandiza, koma palokha silikwanira. Olankhula amakhala omwewomwewo, ena amangowerenga ali phee.

Chimene ndakonda kuchita n'chakuti mwezi uliwonse ndimasankha mmodzi mwa achetewo n'kumuimbira foni. Osadikira tsiku lofuna thandizo ayi, kungofunsa za moyo, za ana, za kumudzi. Pamenepo m'pamene mumamva kuti wina wakhala akudwala, wina ntchito inamuthera, ndipo pagulu ankachita manyazi kunena. Yesani, anzanga.

Pokonza zokumana, sankhani malo osaboola m'thumba. Mukati tonse kunyanja ku Mangochi, mnzanu amene anapuma pa uphunzitsi sabwera, ndipo chifukwa chake sakuuzani. Pakhomo pa mmodzi wa inu ku Lilongwe kapena ku Blantyre, aliyense n'kubwera ndi kambale kake, zimatheka bwinobwino.

Ndalama za chipepeso azisunga anthu awiri, pa Airtel Money kapena Mpamba, ndipo zolowa ndi zotuluka aziziika poyera. Zandale zokha muzisiye kunja, ife zinatithawitsira anthu atatu.