Zovala za ana pa Khrisimasi, tisawawotche ana athu

Amayi anzanga, Khrisimasi yayandikira ndiye ndati ndinene kanthu kamodzi. Pa kaunjika pano padzaza majuzi ofiira, madiresi a velveti, masokosi aatali aubweya, zokongola zedi, koma zimenezo anasokera ana a ku Ulaya komwe Disembala kumazizira koopsa. Kuno ndi dzinja, mvula ikangokata dzuwa nkutuluka ndiye thukuta lokhalokha, makamaka ku Nsanje, Chikwawa, Salima ndi Mangochi.

Chaka chatha wanga wa zaka ziwiri ndinamuveka diresi ya neti yamkati mwa nayiloni, mapemphero asanafike pakati anali akulira uku akudzikanda pakhosi, pofika kunyumba msana wonse totupa tofiira, ndinamva chisoni kwambiri.

Gulani za kotoni, zopepuka, zosathina. Olo kachitenje kabwino mupite nako kwa telala panopa, chifukwa sabata yomaliza amakhala atadzazidwa ndi ntchito, akusokereni kadiresi kapena kashati. Za kaunjika muchape kaye musanamuveke, ndipo chonde muzisita mbali zonse, nyengo ino ntchentche zimaikira mazira pa zovala zoyanika panja makamaka pansi, mwana nkutuluka mphutsi pakhungu.

Nsapato zikhale zoti matope sangavute kutsuka. M'chikwama muike chovala china chosinthira poti Fanta ndi msuzi wa nkhuku sizichedwa kutayikira, ambulera, ndi kamalaya kopyapyala ka manja aatali koti avale madzulo udzudzu ukayamba.