Musanagule ng'ombe kufupi ndi nkhalango ya Nkhotakota

Anzanga okhala m'midzi yoyandikana ndi nkhalango ya Nkhotakota, musanagule ng'ombe yambani mwawerengera bwino. Msipu ulipo wambiri, inde, koma mdani wamkulu wa ng'ombe kuno si njovu ayi, ndi kashembe. Ng'ombe ikalumidwa imayamba kuwonda pang'onopang'ono ngakhale ikudya, ubweya kuyimirira, mkaka kuchepa, mapeto ake ngolo yomwe imaikanika. Mankhwala alipo kwa alangizi a ziweto, koma ndi ndalama yotuluka mobwerezabwereza. Iphatikizeni pa mtengo wogulira, muone ngati phindu latsalapo. Ine ndimaona kuti mbuzi zachikuda zimapirirako, ndipo ikafa imodzi simulira ngati mwataya ng'ombe.

Chiyambire 2015, pomwe a African Parks anayamba kuyang'anira nkhalangoyi, mpanda wamagetsi wachepetsa vuto la njovu. Koma fisi ali konsekonse, ngakhale m'tchire la kuseri kwa mudzi. Mangani khola la m'mwamba la mitengo yolimba, ndipo mbuzi zilowe dzuwa lisanalowe. Chitseko chongotsamiritsa fisi amachikankha ndi mphuno.

Kumtsinje wa Bua musamwetse ziweto padooko limodzi tsiku ndi tsiku, ng'ona imaloweza. Bola kutunga madzi n'kumwetsera kumtunda, ngakhale n'kotopetsa.

Mwana woweta akayamba kutentha thupi ndi mutu wosatha, koma malungo osapezeka, auzeni achipatala kuti amaweta kufupi ndi nkhalango. Kashembe yemweyo amafalitsanso kaodzera kwa anthu.