Katundu wounjika kumbuyo akuthyola masipoko pa maulendo ataliatali a njinga

Nyengo ya maulendo ino, kuyambira Disembala mpaka Febuluwale, ndakhala ndikuthandiza anthu opalasa njinga pa Carretera Austral, msewu wa kummwera kwa Chile wochokera ku Puerto Montt kukathera ku Villa O'Higgins, mtunda wa makilomita pafupifupi 1,240. Njinga zambiri zomwe zinandipeza zitalemala zinali ndi nthenda imodzi: gudumu lakumbuyo likuvina, masipoko awiri kapena atatu ali lendelende, mwini wake akudandaula kuti anamugulitsa njinga yachabechabe. Koma ndikati ndinyamule kumbuyoko kuti ndizungulitse gudumu, msana wanga ndi umene umayamba kundiuza pamene pagona vuto. Zikwama ziwiri zodzaza mpaka kukanika kutseka, pamwamba pake hema, pamwamba pa hema chikwama china, kenako mabotolo a madzi omangidwa ndi mphira. Kutsogolo kuli foni yokha.

Gudumu lakumbuyo limakhala litasenza kale gawo lalikulu la thupi lanu musanaikepo ngakhale supuni. Komanso silinalukidwe mofanana mbali zonse. Magiya amakhala kumanja, ndiye masipoko a mbali imeneyo amakhala okungika kwambiri pomwe a kumanzere ndi okhwefuka pang'ono. Gudumu likamazungulira, sipoko iliyonse ikafika pansi imakhwefuka, ikachokapo imakungikanso, ndipo pa kilomita imodzi yokha zimenezi zimachitika koposa ka 450. Muwerengere nokha tsiku la makilomita 80. Katundu akachuluka kukhwefukako kumakula, sipoko imangopindikapindika pa kachigongono kake kolowa mu habu, monga waya amene munthu akumupinda uku ndi uku ndi manja, mpaka tsiku lina mungomva kuti thyo! Ikathyoka imodzi, ntchito yake imagwera zinzake zoyandikana nayo, ndipo yachiwiri sichedwa. Pa msewu wa miyala, umene eni dziko amautcha ripio, zonsezi zimafulumira chifukwa gudumu limamenyedwa kuyambira m'mawa mpaka madzulo.

Tsoka likakula imathyoka ya kumanja. Imeneyo simungailowetse osachotsa magiya, ndipo ambiri mwa amene anyamula mpando wopinda ndi mapoto atatu ndi omwewo amene alibe kachitsulo komasulira magiya. Apa ulendo umaima. Munthu amakhala m'mbali mwa msewu kudikira galimoto yoti imutengere ku tawuni ya Coyhaique komwe kuli okonza njinga, nalipira malo ogona masiku amene sanawakonzere. Mnyamata wina anataya masiku asanu motero. Pofika ku Villa O'Higgins anapeza boti lowolokera nyanja litapita, ndipo botilo silinyamuka tsiku lililonse, limadikiranso mphepo. Atawoloka, panali kanjira kopita ku nyanja ina ya ku Argentina yotchedwa Lago del Desierto, kamatope ndi mizu ya mitengo, komwe njinga imakankhidwa ndi kunyamulidwa. Amene anadutsapo ndi katundu wochuluka amakumbukira kuyenda kanjirako kawiri kapena katatu: kukasiya zikwama, kubwerera kukatenga njinga.

Ngakhale masipoko asathyoke, katunduyo amakudyani tsiku ndi tsiku, ndipo izi ndi zimene zimandipweteka mtima kwambiri. Munthu wa makilogalamu 70, njinga ya 15 ndi katundu wa 40, zonse pamodzi ndi 125. Atachepetsa katunduyo kufika 20 zikhala 105. Pa chitunda chotsetsereka kwambiri, kusiyana kumeneku kumatanthauza kuti kukwera kwa maola 5 kumasanduka pafupifupi maola 6, ndipo mawondo ndi amene amalipira. M'mawa munthu wa katundu wambiri amatha maola awiri akulongedza, kufunafuna sokosi pansi pa mabuku. Amanyamuka dzuwa litakwera, mphepo itayamba kale. Potsika phiri gudumu lakutsogolo limakhala lopepuka, hendulo imayamba kunjenjemera m'manja, mabuleki akutha msanga. Akaima kuti amwe madzi njinga imagwa yokha. Amafika pogona kutada, kukhoma hema lonyowa ndi tochi m'kamwa, kudya mabisiketi chifukwa mphamvu zophikira zatha, osachapa kabudula wopalasira. Patapita masiku atatu zilonda za chishalo zayamba. Nyanja ndi mapiri amene anachokera kutali kudzaona amadutsa maso ali pa teyala.

Ndatopa nako kumva mawu akuti “mwina ndidzachifuna”. Matayala awiri apadera, mwina ndidzawafuna. Mathalauza a jinzi amene akanyowa satha kuuma, mwina ndidzawafuna. Laputopu, nsapato zitatu, chakudya cha sabata yonse pa chigawo chimene kagolosale kakupezeka tsiku lililonse kapena lachiwiri. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Timalongedza ngati tikusamuka, ngati kumene tikupitako kulibe anthu ogulitsa sopo. Thomas Stevens ananyamuka ku San Francisco mu Epulo 1884 pa njinga ya gudumu lalikulu kutsogolo, nakamaliza ulendo wake wozungulira dziko ku Yokohama mu Disembala 1886. Katundu amene ananyamuka naye anali wokwana m'kachikwama ka pa hendulo: masokosi, malaya osinthira, mfuti yaing'ono ndi chovala cha mvula chomwe ankagonanso m'mwemo. Sindikuti muchite ngati iyeyo. Koma lero hema ndi chofunda zapepuka kuposa kale, ndiye kulemera konseku kukuchokera ku mantha basi. Ndipo amene amati “agogo anga ankanyamula matumba pa kaliyala osathyola kanthu” aiwala kuti ulendowo unali wa ola limodzi, osati wa miyezi itatu.

Tsiku lina kufupi ndi tawuni ya Cochrane ndinali pansi ndikuwongola gudumu la mayi wina, pamene bambo wachikulire woweta nkhosa anaima ndi mahatchi ake awiri, ina atakwera, ina itasenza katundu. Anatsika osafunsidwa. Ananyamula chikwama cha kumanzere ndi dzanja limodzi, cha kumanja ndi linalo, napukusa mutu. Kenako anatiitana kuti tikaone hatchi yake. Matumba awiri anali m'mbali, otsika, ofanana kulemera, pamwamba pali kanthu kopepuka kokha. Anatsegula thumba limodzi natulutsa mwala waukulu ngati nkhonya. Chisipanishi changa ndi chochepa, koma ndinamva zokwanira: mbali ina ikapepuka amaikamo mwala, chifukwa katundu wopendekeka amatupula msana wa hatchi, ndipo hatchi ya zilonda sigwira ntchito kwa milungu. Anatinso hatchi ukailemetsa imakana kunyamuka, koma chitsulo chimangovomera mpaka kuthyoka. Anabwezera mwala wake m'thumba napitiriza ulendo. Usiku umenewo mayi uja anakhuthula zikwama zonse pa udzu, ndipo mulu wa zinthu zimene sanazikhudze chiyambire ulendo unaposa wa zimene ankagwiritsa ntchito.

Za kaliyala nazo ndinene. Makaliyala ambiri abwino analembedwa malire a makilogalamu 25 kapena kuposerapo pang'ono, ndipo zonsezo zimagwidwa ndi timabawuti ta mamilimita 5. Kabawuti kakakhwefuka ndi kugwedezeka kwa msewu kamadukira mkati mwa fulemu, ndipo kukatulutsa m'tchire ndi ntchito yokhetsa misozi.

Tsono chitani izi. Pimani katundu yense pa sikelo yopachika musananyamuke, osangoyerekeza ndi manja. Kwa ine, akapitirira makilogalamu 20 musanaikemo madzi ndi chakudya, yambani kuchotsa. Lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi, choncho komwe mitsinje ili yambiri nyamulani sefa m'malo mwa malita asanu ndi limodzi. Ikani kaliyala wotsika kutsogolo ndipo gawo limodzi mwa magawo atatu a katundu lipite kumeneko. Zolemera zikhale pansi pa chikwama, kumanzere ndi kumanja kufanane. Gudumu lakumbuyo likhale la masipoko 36, lokungidwa ndi munthu wodziwa. Pa miyala chepetsani mpweya pang'ono m'matayala. Madzulo alionse tsinani masipoko awiriawiri ndi zala kuti mumve yokhwefuka, ndipo yesani mabawuti a kaliyala. Pakatha sabata yoyamba, chilichonse chimene simunachikhudze chitumizeni pa positi kapena chipatseni wina, kupatula mankhwala, zida zokonzera njinga ndi chovala cha mvula. Masipoko apadera muwamate ndi tepi pa fulemu limodzi ndi kasipanala kake ndi kachitsulo ka magiya kaja, ndipo pogula muyeze bwino, chifukwa pa gudumu lakumbuyo a kumanja nthawi zambiri amakhala afupiko kuposa a kumanzere.