Mwana akamadzikanda kumatako usiku

Mwana wanga wachiwiri, wa zaka 5, anatha mlungu wathunthu osagona bwino. Masana ankasewera bwinobwino, koma kukangoda ankangotembenuka pamatiresi, dzanja lili kumbuyo, kudzikanda mpaka kulira. Ndinkayesa nsikidzi. Ndinatulutsa matiresi padzuwa, koma osasintha. Apongozi anga anati mwana wachulukitsa shuga. Amene ananditsegula maso ndi mayi wina wachikulire woyandikana nafe kuno ku Area 25. Anangoti, "Amake mwana, akagona mukamuunike ndi tochi."

Inunso chitani zomwezo. Dikirani maola 2 kapena 3 mwana atagona, yatsani tochi ya foni, mutsegule matako pang'onopang'ono osamudzidzimutsa. Ine ndinaona tinthu tiwiri toyera, towonda ngati ulusi wosokera, totalika pafupifupi sentimita imodzi, tikugwedezeka pakhungu. Thupi lonse linachita tsemwe. Ndi mtundu wina wa njoka za m'mimba, umene pa Chingerezi amati pinworm. Mukapanda kutiona usiku woyamba, yesaninso mausiku awiri otsatira, kapena yang'anani m'chimbudzi cha mwanayo m'mawa.

Tinjokati timakhala m'matumbo, ndipo tatikazi timatuluka usiku kudzaikira mazira pakhungu lozungulira kotulukira chimbudzi. Kuyabwa kuja kumachokera pamenepo. Mazirawo saoneka ndi maso. Mwana akakanda amalowa m'zikhadabo, m'mawa agwira mandasi, agwira mbamu ya nsima, mazira abwerera m'kamwa. Ena amatsalira pa zofunda, pa panti, pa thawulo, ndipo amatha kukhala amoyo milungu 2 kapena 3. Si shuga ayi, komanso sitichokera kwa agalu, amphaka kapena nkhuku. Timayenda kuchokera kwa munthu kupita kwa munthu, n'chifukwa chake timakonda ana a ku mkaka ndi ku pulayimale, amene amagwirana manja tsiku lonse. Musachite manyazi ngati kuti ndinu mayi wauve. Ngakhale m'nyumba zokolopedwa kawiri patsiku timalowa.

Mankhwala ake ndi odziwika: albendazole wa 400 mg kapena mebendazole wa 100 mg, kumwa kamodzi, kenako kubwereza pakatha masiku 14. Pa kubwerezapo ndi pamene ine ndinalakwitsa. Mwana atamwa piritsi loyamba anagona tulo tabwino, ine n'kuti zatha, lachiwiri lija ndinalisiya m'kabati. Patatha mwezi ndi theka kukanda kunayambiranso, ulendo uno pamodzi ndi mchemwali wake amene amagona naye bedi limodzi. Nditabwerera kuchipatala anandifotokozera kuti mankhwala amapha tinjoka tokha, mazira sawakhudza. Piritsi lachiwiri ndi lophera timene taswa pambuyo pake, tisanayambe kuikiranso.

Anandiuzanso kuti timwe tonse a m'nyumba tsiku limodzi, ngakhale amene sakumva kuyabwa. Bambo awo anayamba akana, amvekere ine ndili bwinobwino. Koma munthu wamkulu amatha kukhala nato osadziwa, n'kumapatsira ana. Anamwa. Mtsikana amene amatithandiza ntchito anamwanso. Ngati muli ndi mwana wosakwana zaka 2, kapena m'nyumbamo muli mayi woyembekezera, musangogula mankhwala ku famase n'kuwapatsa. Funsani kaye achipatala kapena alangizi a zaumoyo ku sikelo.

Ntchito yeniyeni ili pa milungu iwiri ya pakatipo, ndipo ndi yotopetsa, makamaka madzi akamavuta, mukuchita kugula pa kiyosiki ndi zigubu. Ngati madzi ndi ochepa, sankhani kusambitsa ana m'mawa osati madzulo, chifukwa mazira oikiridwa usiku amafunika achoke mwana asanayambe kugwiragwira zinthu. Musambitseni ndi sopo, pomuthira madzi ndi kapu, osati kumukhazika m'beseni momwe asambiremonso mnzake. Aliyense akhale ndi thawulo lake, kaya kachitenje kake. Usiku agone atavala panti yogwira thupi, m'mawa musinthe.

Zofunda musazikutumule m'nyumba monga tinazolowera podzuka. Mazirawo ndi opepuka, amauluka ndi fumbi n'kugwera paliponse. Zipindeni bwinobwino, muzichape ndi madzi otentha, muziyanike padzuwa lamphamvu. Ine ndinkateleka ndowa yachitsulo pa mbaula m'mamawa, mapanti ndikawayanika ndinkawasitanso ndi ayironi ya makala.

Chimene ndinasinthiratu ndi kasambidwe ka m'manja pa chakudya. Kwathu tinakula ndi beseni limodzi loyambira kwa akulu kutsikira kwa ana, wamng'ono n'kumasamba madzi akuda kale. Pano wina amathira ndi jagi, winayo akusamba ndi sopo, kutikita mpaka kunsi kwa zikhadabo, madzi n'kumagwera m'beseni. Apongozi poyamba anaona ngati mwano, koma ataona mdzukulu wawo akugona anasiya kudandaula. Pafupi ndi chimbudzi tinaikanso chigubu cha mpondagiya ndi kachidutswa ka sopo komangirira chingwe.

Kwa ana aakazi khalani tcheru kwambiri, chifukwa tinjokati nthawi zina timasochera n'kulowa kumaso, mwana n'kumadandaula kuyabwa kapena kuwawa pokodza. Zikatero, kapena pokandapo pakatuluka zilonda ndi mafinya, kapena kuyabwa kukapitirira mutamwa kawiri konse, bwererani kuchipatala, musamangowonjezera mapiritsi nokha.

Ulendo wachiwiriwo tsiku lobwereza ndinalizunguliza ndi cholembera pa kalendala ya pabalaza, ndipo tinamwa tonse 5 titadya nsima yamadzulo. Zikhadabo ndimawawenga Lamlungu lililonse tikabwera kutchalitchi, ndipo wamng'onoyo ndikulimbana nayebe kuti asiye kuyamwa chala.