Mmene ndinathetsera kuwotcha kwa khungu la kumaso

Ndikangosamba, nkhope inkandiwotcha, kenako masaya n'kuyamba kuyabwa ndi kusupuka. Ndinasiya zodzola zonse, n'kutsala ndi ziwiri zokha: chosambira chopanda fungo ndi mafuta okhala ndi glycerin ndi ceramide, zosakaniza zothandiza khungu kusunga chinyezi.

Sopo wamba ndiye ndinamuchotsa msanga. Khungu lathu lili ndi pH (muyeso wa asidi: nambala ikamakwera, asidi amachepa) ya pafupifupi 5, pomwe sopo wamba amafika 9 kapena 10, motero amachotsanso mafuta achilengedwe omwe amateteza khungulo. Ceramide ndi ena mwa mafutawo: amamata timipata ta khungu lakunja kuti madzi asathawe. Ndimasamba madzi ofunda pang'ono, osati otentha, sindikwecha ndi thaulo, ndipo ndimadzola nkhope isanaumiretu.

Khungu litakhazikika, ndinayamba kubwezera zodzola chimodzichimodzi. Chilichonse ndinkayamba kuchipaka kuseri kwa khutu n'kudikira masiku angapo, chifukwa zina sizionetsa vuto tsiku lomwelo. Zonse zimene zinandiyabwa zinali ndi parfum (zonunkhiritsa) pa mndandanda wa zosakaniza, ngakhale zina zinkanunkhira pang'ono chabe.

Padzuwa ndimadzola mafuta oteteza ku dzuwa okhala ndi zinc oxide. Amasiya kuyererako pakhungu, koma sandiwotcha.