Kusamala makoko a zipolopolo kuti akhalitse

Alenje ambiri a ku South Africa satola nyama yokha akawombera. Amatolanso khoko la chipolopolo, kukaikamo primer (kachitsulo ka kutsinde koyatsa onga), onga ndi mutu watsopano kunyumba. Lamulo la mfuti la dzikolo la mu 2000 limalola zimenezi kwa amene ali ndi layisensi ya mfutiyo, ndipo ngati mulibe, lekerani pompa. Kwa amene muli nayo, khoko ndilo lodula kuposa zina zonse, choncho tiyeni tione chimene chimalipha.

Khoko ndi la buraasi, magawo 70 mkuwa, 30 zinki. Mukawomba limafufuma, mukalipana mu die, chitsulo chobwezera khoko mu muyezo wake, limabwerera. Kupita ndi kubwera kumeneku kumaliumitsa, monga waya amathyokera mukamampinda malo amodzi. Ndiye musalipane kuposa mmene lifunikira. Ikani die mwakuti phewa la khoko libwerere pang'ono chabe, mamilimita 0.05, bola bolt, chitsulo chotsekera chipolopolo mu mfuti, itseke bwino. Ambiri amatsitsa die mpaka pansi chifukwa ndi mmene anaonera kwa mnzawo. Khokolo limalowa mopepuka, inde, koma likaphulika limatambasuka, ndipo limapyapyala chakumunsi. Ogwiritsa ntchito zipolopolo za .303 British mvetserani kwambiri apa: mfuti za Lee-Enfield zili ndi malo olowa chipolopolo otakasuka, zimakoka khoko koopsa. Panani khosi lokha, ndipo makoko a mfuti imodzi asapite mu ina.

Kupyapyalako mungakugwire kusanavute. Wongolani kawaya kopanira mapepala, pindani kunsonga, kandani nako mkati mwa khoko. Kakakodwa pa kamzere pafupi ndi tsinde, kapena kunja mukaona mkombero wowala, khokolo latha. Liphwanyeni ndi pulayala kuti wina asalitole. Likadukira mu mfuti, mpweya wamoto umabwerera kumaso kwanu.

Khosi likauma limang'aluka. Mankhwala ake ndi kulifewetsa ndi moto mukawombera katatu kapena kasanu, khosi ndi phewa zokha, khoko lili lopanda primer ndi onga. Tsinde lisatenthe ngakhale pang'ono, liyenera kukhala lolimba. Khosi likafiira ngati khala ndiye kuti mwapyoza, tayani.

Za kutsuka, ndikudziwa kuti timakonda zonyezimira. Koma polishi wokhala ndi amoniya, monga Brasso, asayandikire. Asilikali a Britain ku India anaziona kale: zipolopolo zosungidwa m'makola a akavalo nyengo ya mvula zinkang'aluka zokha, ndipo patapita zaka kunadziwika kuti ndi amoniya wa mu mkodzo wa akavalo. Khoko losanyezimira koma lopanda litsiro limagwira ntchito bwinobwino.

Yezani kutalika nthawi zonse. Khoko la chipolopolo cha .308 Winchester lisapitirire mamilimita 51.18, likafika apo lidulireni.

Onga wochuluka umakulitsa dzenje la primer, ndipo limenelo silikonzeka. Primer ikalowa osalimba, khoko lapuma, ngakhale mwaliwombera kawiri kokha. Tsatirani muyezo wa m'buku la kampani yopanga ongawo, osafika kumapeto kwake. Nyama imene mukuwombera sidziwa kusiyana kwa liwiro pang'onolo.

Sungani makoko m'magulu, a kampani ya PMP paokha, a kampani ya Lapua paokha, poti kukhuthala kwake kumasiyana. Pa bokosi matanipo kapepala, muzilemba kangati mwawombera. Awiri kapena atatu a gulu limodzi akayamba kuonetsa mkombero uja, gulu lonse lichoke pa benchi.