Momwe Mungatsogolere Ophunzira Pokambirana za Mabomba a Hiroshima ndi Nagasaki

Yambani ndi anthu amene anafa, za zida zibwere pambuyo. Fotokozani kuti pa 6 Ogasiti 1945 dziko la America linaponya bomba la nyukiliya mumzinda wa Hiroshima ku Japan, ndipo pofika kumapeto kwa chakacho anthu pafupifupi 140,000 anali atamwalira, ambiri mwa iwo anthu wamba. Mzinda wa Nagasaki unaphulitsidwa pa 9 Ogasiti.

Kenaka werengani mokweza umboni wa anthu amene anapulumuka, ndipo pamenepa musafulumire. Ophunzira ayenera kumva za ana amene anayenda m'misewu khungu lakupsa likulendewera m'mikono, za anthu ooneka athanzi amene tsitsi linayamba kuthothoka patangopita masabata ochepa, komanso za khansa ya m'magazi imene inachuluka patapita zaka zingapo.

Mukatero, perekani mosakondera mfundo ya Pulezidenti wa America wa nthawiyo, Harry Truman, ndi omuikira kumbuyo, yoti mabombawo anafupikitsa nkhondo yachiwiri yapadziko lonse ndi kupulumutsa asilikali ambiri. Ndiyeno afunseni ophunzirawo ngati chida chimene sichisiyanitsa msilikali ndi khanda chingagwiritsidwe ntchito mwachilungamo. Ine ndimaona kuti sichingatheke, komabe aloleni atsutsane momasuka.

Pomaliza, agaweni m'magulu kuti asanthule pangano la United Nations loletsa zidazi, limene linayamba kugwira ntchito mu Januwale 2021, ndi kufufuza chifukwa chake palibe dziko lokhala ndi mabombawa limene lalisainira.